Zikhadabo za Nkhwazi pa Mutu Panga

Alipo anthu mu Lusaka muno amene mpaka lero amanena kuti ine ndinali m'ndende ku Amereka. Ena a iwo ndimapemphera nawo mpingo umodzi, ndipo amandipatsa moni ndi manja awiri. Ndati ndilembe chifukwa pakamwa ndatopa. M'ndende sindinalowemo, ngakhale kukazonda munthu. Chimene chinandiletsa kudzaika maliro a mkazi wanga ndi mbalame. Sekani kaye, ndikudikirani. Alamu anga a Sakala, alongo ake a malemu mkazi wanga, anaseka kwa zaka zambiri, ndipo kuseka kwawoko kunatsala pang'ono kundichotsera malo anga pa ukwati wa Misozi, mwana wanga mmodzi yekhayo.

Ndisanachoke ndinali kalaliki mu ofesi ina ya boma ku Longacres. Atatichotsa pa nthawi yochepetsa antchito, ndinakhala pakhomo ku Kabwata, n'kumathandiza amake Misozi kusamala nkhuku zoyera zimene ankaweta kuseri kwa nyumba. Munthu wozolowera tayi, tsopano ndikupala zitosi. Kenako dzina langa linatuluka pa maere amene boma la Amereka limachita popereka chilolezo chokakhala ndi kugwira ntchito kumeneko. Ndinapita ndi mapepala onse oyenera, ndipo ndikadali nawo m'chikwama chachikopa pansi pa bedi, kuyambira tikiti ya ndege mpaka kapepala kamene anamata pa sutikesi. Ndalama ya ulendo inakwana munthu mmodzi. Tinapangana kuti ndikakakhazikika ndidzawaitana.

Tsiku lonyamuka Misozi anali ndi mpata pa mano akutsogolo. Anakana kudzanditsanzika. Anali kuseri akuthandiza amake kusosola nkhuku zopita nazo kumsika, kambale kake kali pambali, chifukwa timiyendo ta nkhuku ndito tinali malipiro ake. Ankatitsuka yekha kachala ndi kachala, n'kutiwotcha pa mbaula. Amake anandiperekeza mpaka pamsewu, manja ali nthenga zokhazokha.

"Mukafika muzivala zofunda," anatero. "Inu mumakonda kuoneka bwino kuposa kukhala bwino."

Ntchito ndinakaipeza pa chilumba china cha ku Alaska, kumene kulibe mtengo woti munthu n'kukhala pamthunzi, ndipo mthunziwo sufunikanso. Inali fakitale ya nsomba. Unkaima pa lamba woyenda, mpeni m'manja, madzi ozizira akuyenda pansi pa majombo, nsomba zikubwera osatha. Kutumbula, kukankha, kutumbula, kukankha. Zombo zikafika zambiri, tsiku silinkadziwika kuti layamba liti. Zala zinkatupa mpaka kukanika kumanga batani. Fungo linkalowa m'Baibulo momwe.

Tinkagona m'nyumba yaitali ya zipinda zambiri ngati sukulu yogonera komweko. Mnzanga wa chipinda anali Rudi, bambo wa ku Filipinzi, wamfupi, wosowa dzino limodzi, amene anafika pachilumbapo zaka zambiri ine ndisanabwere. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuviika manja m'madzi ofunda a mchere ndisanagone. Ankaphika mpunga m'kapoto kamagetsi kamene ankabisa m'kabati, ndipo sanadyepo osandigawira. Chingelezi chathu chinali chosiyana, koma kutopa kunali kumodzi.

M'mawa woyamba nditatuluka ndinaona chimbalame chitatera pa mtengo wa magetsi, mutu woyera, mchira woyera, thupi lakuda moderako, mlomo wachikasu wopindika. Ndinaima. Inali nkhwazi, mbale wake wa iyi ili pa mbendera yathu, kungoti yathu ndi yoyera mpaka pachifuwa. Iwonso kumeneko ndi mbalame ya dziko, ili pa ndalama ndi pa zidindo za boma. Ndinavula chipewa, sindinama. Nditakhota pakona ndinapeza zina zambirimbiri zili m'chibini cha zinyalala, zikulimbirana matumbo a nsomba ndi mapepala a buledi ngati akhwangwala a pamsika wa Kabwata. Ina inatsegula mlomo kuti ilire. Ndinayembekeza mfuu ngati ya nkhwazi yathu, imene imamveka tsidya lina la mtsinje. Kunatuluka kamawu kopyapyala ngati ka mwanapiye. Ndinabweza chipewa pamutu.

Komabe ndinkaziyang'ana, popeza kunalibe china choyang'ana. Pawindo la chipinda chathu pankaoneka phiri lamiyala lodukiza pamwamba pa msewu wopita ku positi, ndipo pa thanthwe lina panali chisa. Kwina zimamanga m'mitengo ikuluikulu, koma kumeneko mitengo kulibe. Chisacho chinali chachikulu ngati bedi la anthu awiri, chifukwa mbalame ziwiri zomwezo zimabwerera pamalo amodzi chaka ndi chaka, n'kumawonjezera timitengo, udzu ndi zingwe zakutha za asodzi.

"Yaikuluyo ndi yaikazi," Rudi anandiuza. "Monga kwathu. Mkazi wanga amandinyamula ndi dzanja limodzi."

Zinkafungatira mazira mosinthana kwa mwezi ndi masiku angapo. Ndinaonapo ina itakhala pamazira chipale chikuigwera pamsana mpaka kuoneka mutu wokha, osasuntha. Kawirikawiri anapiye ankakhala awiri. Wamkulu ankajompha wamng'ono pa chakudya, makolo akuyang'ana osaleretsa, ndipo zimenezi zinkandipsetsa mtima kwambiri. Pakatha miyezi pafupifupi itatu ana ankauluka. Panalinso zimbalame zina zofiirira, zamawangamawanga, zooneka zauve, zimene ine ndinkayesa mtundu wina. Rudi anati ndi ana omwewo. Mutu umayera zikafika zaka ngati zisanu. Zaka zonsezo zimangoyendayenda kutali, koma ikafika nthawi yomanga chisa zimabwerera kufupi ndi kumene zinaswedwa.

Ndi mbala zoopsa. Ikaona mbalame ina yagwira nsomba, imaithamangitsa mpaka itaye. Koma tsiku lina ndinaona ina itagwira nsomba yolemera kuposa mphamvu zake. Kuuluka inalephera, kusiya inakana. Inapalasa madzi ndi mapiko ngati munthu wosambira mpaka kumtunda, n'kukwera pamwala ili chinyowere, nsomba ili m'zikhadabo. Rudi anaomba m'manja. "Ameneyo ndi wa shifiti yathu," anatero.

Zaka zinapita, ine ndikutumiza kunyumba mwezi ndi mwezi, zowaitanazo n'kumangosunthira kutsogolo. Ndiye masana ena kapitawo anandiitana pa lamba kuti ndikayankhe foni. Anali a Sakala.

"Ba mulamu, limbani mtima. Mlongo wanga watisiya. Anagwa chabe pa khola ya nkhuku. Tizakuyembekezani, bwelani."

Pasipoti yanga ndinali nditaitumiza kuti akaikonzenso, ndipo inali itabwera kale, ikundidikira ku positi, chifukwa pachilumbapo makalata sabweretsa pakhomo. Malo m'ndege ya mawa lake ndinawapeza. Chinatsala ndi kukatenga pasipotiyo basi. Inali nyengo imene anapiye ali m'chisa, ndipo m'mbali mwa msewu wa ku positi munali chikwangwani chochenjeza anthu. Ozolowera ankadutsapo atavala chisoti cha ntchito, kapena atanyamula ndodo pamwamba pa mutu. Ndinasamba, ndinavala jekete yanga yakuda ndi tayi. Rudi anandipatsa chisoti chachikasu cha ku fakitale.

"Vala ichi."

"Ndikupita ku ofesi ya boma."

"Mbalame sidziwa boma, bwanawe. Vala."

"Mkazi wanga wamwalira, ndikukatenga buku la dziko langa, ndiye ndikaime pamaso pa anthu ndi chisoti chonunkha nsomba pamwamba pa tayi?"

Mpaka lero sindiona cholakwa pa zimene ndinanena. Munthu amapita ku ofesi atavala ngati munthu. Wolakwa ndi amene analola positi kukhala pansi pa chisa.

Sindinaimve ikubwera. Ndinangomva ngati wina wandimenya ndi thabwa kumbuyo kwa mutu, kenako kutentha, kenako mphepo ya mapiko. Ndinapepesuka, phazi linaterereka, ndinagwera m'ngalande ya miyala m'mbali mwa msewu. Magazi anadzaza m'maso. Nditayesa kudzuka, mwendo unakana. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Ndili chigonere ndinaiona ikubwerera pa thanthwe, n'kutera bwinobwino, n'kuyamba kukonza nthenga zake.

Mawa lake ndege ndinakweradi, koma ndili pa machira, kupita ku chipatala chachikulu kumtunda. Anandiika chitsulo m'chiuno. Mabala a m'mutu anatukusira, popeza zikhadabo zimenezo zimagwira zovunda, ndipo malungo anandisokoneza mutu kwa masiku. Rudi ndiye anaimba ku Lusaka. Anadzandiuza pambuyo pake kuti atafotokoza, bambo wa kumeneko anangofunsa kuti, "Mbalame?" n'kudula foni. Amake Misozi anaikidwa ine ndikuphunzira kukhala tsonga.

Ena amafunsa chifukwa chake sindinabwere nditangochira. Ndibwere kudzaona chiyani, mulu wa dothi? Mwana anali pa sukulu, a Sakala anali atamutengera kwawo ku Woodlands, ndipo sukulu sidya misozi ya bambo. Ndinabwerera pachilumba. Anandipatsa ntchito yokhala pansi, yomata mapepala pa makatoni. Poyamba Misozi ankabwera pa foni n'kuyankha mawu amodziamodzi. Kenako ankakhala kuti wapita kokasamba nthawi iliyonse ndikaimba.

Chisa chija ndinapitiriza kuchiyang'ana, koma tsopano ndi chidani. Kugenda sungagende, lamulo limaziteteza, chifukwa kale zinatsala pang'ono kutha m'madera ambiri a dzikolo, mankhwala a m'minda atapyapyalitsa zikamba za mazira awo. Ngakhale nthenga yogwa yokha sungatole n'kusunga. Ine amene ndimasunga chilichonse ndinkadutsa nthenga pamsewu n'kuisiya. Chaka chimenecho anapiye onse awiri anauluka.

"Inali pa ntchito," anatero Rudi tsiku lina tikudya mpunga. "Iwenso unali pa ntchito. Munangokumana."

Sindinamuyankhule sabata yonse. Iye ndiye anayamba kubwerera kwawo, mapapo atamuvuta. Anandisiyira kapoto kaja. Amene anabwera m'malo mwake ankagona ndi nyimbo m'makutu, ndipo dzina lake ndaliiwala.

Nditabwerera ku Lusaka mutu wanga unali utayera wonse. Tsitsi ndinalisiya lalitali, ndipo panja sindinkayenda wopanda chipewa. Mzinda ndinaupeza uli ndi misewu yodutsa pamwamba pa inzake, ndipo kondakitala wa minibasi ananditcha "ba shikulu", ndiye kuti agogo, n'kundikankhira kumpando wakumbuyo ndi chiuno changa chachitsulo. M'nyumba ya ku Kabwata munali anthu a lendi. Pamene panali khola la nkhuku panali zipinda ziwiri zatsopano, ndipo ndinalowa m'chimodzi, pomwe mkazi wanga anagwera. Kutchalitchi ndi kumene ndinamva koyamba za ndende. Mayi wina wachigwirizano anandigwira dzanja n'kunena kuti Mulungu amakhululukira onse, ngakhale otuluka m'jele.

Misozi anali atakula, ali ndi saluni yake ku Chilenje, ndipo ukwati wake unali pafupi. Anandiitana ku Woodlands kukamva dongosolo. Ndinanyamula chikwama chachikopa. Geti anatsegula a Sakala eni ake, atanenepa, atavala kabudula.

"Ba mulamu! Muli shani? Ichi chikwama ni cha chani, mwatibweletsela madola?"

"Muli mapepala a chipatala."

"Awe, khalani pansi. Ya kanyoni tinamvela kudala." Kanyoniko ndi mbalame yanga ija.

Ndinayala zonse pa tebulo mwadongosolo: kalata ya dokotala, chithunzi cha fupa, pepala la ndege imene sindinakwere. Misozi anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda. Wafanana ndi amake pachipumi. A Sakala ananyamula pepala limodzi ndi zala ziwiri, n'kulibweza osaliwerenga.

"Ba mulamu, mu tauni muli anyamata, mukawapatsa ya lanchi azakupangilani pepala yakuti munamenyewa na njovu, na chidindo pamwamba. Ine nikambe zanga. Thupi ya mlongo wanga tinaisunga kuyembekeza imwe. Anthu anagona panja mu mphepo. Uyu mwana ananamatila pa geti, motoka iliyonse ikapita ati ni ba dadi. Manje tizimva ati nyoni? Mwamuna mukulu, nyoni? Kambani chabe zoona, ngati munamenyana mu bala, ngati anakugwilani, ise ni banja."

"Sindinalowepo m'bala."

"Ni bwino. Manje mvelani. Pa Chiwelu mwana nizamungenesa ine mu chalichi. Nine n'namulela. Imwe tizakupasani tebulo yabwino, pafupi na keke."

Ndiye kuti Loweruka womulowetsa m'tchalitchi akhala iwo, osati ine. Ndinayang'ana Misozi. Anayang'ana pansi, n'kulowa m'khitchini. Ndinabweza mapepala m'chikwama, lililonse pamalo pake. Kunena zoona, za pa geti zija sindinkazidziwa, ndipo zinandilemera kuposa mwano wawo. Ndinatsika minibasi malo olakwika, n'kuyenda wapansi kuchokera ku Chilenje mpaka ku Kabwata ndi chiuno chomwecho.

Lachinayi ndinaganiza kuti ngati ndikakhale pafupi ndi keke, ndikakhale ndili wometa. Ometa ku Kabwata alipo ambiri. Ndinapita ku Chilenje. Chikwama ndinasiya, ndinali nditatopa nacho.

Saluniyo ndi kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, mbali ina ya azimayi, mpando umodzi wa abambo. Munali mayi wina wonenepa, tsitsi lolukidwa theka, akudya chinangwa chowotcha. Misozi atandiona anaima, chipeso m'manja.

"Mwabwela?"

"Ndabwera kudzameta. Ndilipira ngati aliyense."

"Malaiti kulibe. Mashini siizasebenza."

"Sizasi ilipo?"

Mayi uja anaseka. "Wameteni, mwandi, ine nili na nthawi. Aba ba shikulu afuna akagwile ka mayo ku ukwati. Onani tayi, pa Chinayi!"

Ndinavula chipewa, ndinakhala. Anandikulunga nsalu m'khosi osandikhudza khungu. Anayamba kumbali, sizasi ikulira, tsitsi loyera likugwera pa nsalu. Pagalasi ndinkaona nkhope yake ili yowuma ngati akumeta mlendo. Popeza kunalibe mashini, ankayenera kugwira mutu ndi dzanja lamanzere n'kumanyamula tsitsi ndi zala. Atafika pamwamba chakumbuyo, sizasi inaleka kulira.

Ndinamva chala chikutsata mzere woyamba, kuchokera pa liwombo kutsika. Kenako wachiwiri. Kenako wachitatu. Mizere itatu yoyandikana, yotalikirana kutsogolo ngati foloko. Chala chachikulu chinafufuza pansi pake chokha, ngati chikudziwa kumene chikupita, n'kukapeza dzenje la pamwamba pa khosi, lozama kuposa onse. Anatambasula dzanja lake lonse pamutu panga, zala zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo. Dzanja lake silinakwane.

"Zitatu kusogolo, imozi kumbuyo," ananena motsitsa, osati kwa ine.

"N'chani, nsabwe?" anafunsa mayi wa chinangwa.

"Ba Mwansa, pitani mukagule drinki, nizakuitanani."

Mayiyo anatiyang'ana tonse awiri, n'kutuluka ndi tsitsi lake latheka. Misozi sanachotse dzanja.

"Botolo siichita so," anatero. "Na mpeni siichita so."

Ndinangomuyang'ana pagalasi. Ndinali nditayankha zaka zambiri.

"Inali ikulu bwanji?"

Ndinatulutsa manja pansi pa nsalu n'kuwatambasula mpaka pamene amathera. "Mapiko kuposa apa."

"Munaichita chani?"

"Palibe. Ndinadutsa pansi pa ana ake."

Panja wina ankaitanira tomato. Kenako Misozi anafunsa ngati anawo anakula, ndipo ndinati anakula onse awiri, ndinawaona akuuluka. Anapukuta m'maso ndi mkono, popeza m'manja munali tsitsi.

"Ba mami anali kukamba ati simumvela. Ati mukavala tayi, matu yavalika."

"Amako ankakokomeza, makutu anga satsekeka."

"Kunalibe chovala kumutu?"

"Chinalipo. Chinali chonunkha nsomba."

Anaseka kamodzi, kuseka kotuluka ndi misozi, n'kutsegula kabati. Anatulutsa lezala latsopano ndi sopo. Ndinamuuza kuti ine ndimangofuna kuchepetsa, mpala sindinametepo chibadwire. Sanandimvere. Anameta lonse, pang'onopang'ono, akuzungulira zipsera mosamala, mpaka mutu unazizira. Atatha anatenga kagalasi kakang'ono n'kundionetsa kumbuyo. Aka kanali koyamba ine kuziona bwinobwino. Phazi lonse la mbalame lili pamutu panga ngati chidindo.

Ndinatulutsa kachikwama ka ndalama. Anakankha dzanja langa. Ndinatambasula kuti nditenge chipewa pa msomali, koma anayamba ndi iye kuchitenga, n'kuchiika m'kabati, n'kutseka.

"Atate, pa Chiwelu mubwele mamawa ku Woodlands. Muzayenda na ine. Ichi muzatenga pa Mande."

Loweruka ndinamulowetsa m'tchalitchi. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha chiuno, ndipo oimba anachita kubwereza nyimbo. A Sakala anakhala mzere wachiwiri, kumbuyo kwanga kwenikweni, ndipo mapemphero onse, amene anatalika monga mwa nthawi zonse, analibe kwina koyang'ana koma pamutu panga. Potuluka anandigwira pa chigongono.

"Ba mulamu, iyi nyoni yanu inali na nsapato saizi bwanji?"

Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo sindiyembekeza kwina. Mapepala a chipatala akadali m'chikwama pansi pa bedi, palibe amene anawawerenga. Amayi a chigwirizano akupitiriza kundikhululukira. Chipewa ndinapita kukatenga Lolemba monga tinapanganira, koma Misozi anati kiyi wa kabati wasowa, ndibwerenso tsitsi likamera. Ndimapita mwezi uliwonse. Kiyiyo sanapezekebe, ndipo dzuwa la Lusaka limawotcha pa zipsera kuposa mmene chisanu cha kuja chinkachitira.